Mbiri ya Boma ndi Nyumba za Anthu m'Chigwa cha Domasi

Mtsinje wa Domasi umatsika pakati pa phiri la Zomba ndi phiri la Malosa, n'kudutsa m'minda ya chimanga ndi mpunga mpaka kukathira m'nyanja ya Chilwa. M'chigwa chimenechi anthu adayamba kumanga nyumba kalekale, boma lisanabwere. Oyamba odziwika bwino ndi Anyanja, amene ankalima m'mbali mwa mitsinje ndi kupha nsomba ku Chilwa. Cha m'ma 1860 kudafika Ayao kuchokera kumpoto chakum'mawa, ndipo mmodzi mwa mafumu awo amene adakhazikika m'tsinde mwa phiri adali Malemia, dzina limene ufumu wa derali ukudziwika nalo mpaka lero. Alomwe adayamba kulowa mwaunyinji kuchokera ku Mozambique chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, pothawa nkhanza za Apwitikizi, ndipo adapitiriza kubwera kwa zaka zambiri.

Mitundu itatuyi idali ndi mwambo umodzi pa nkhani ya banja, wakuti mwamuna ndiye ankapita kukakhala kwawo kwa mkazi. Mkamwini akalandiridwa, ntchito yake yoyamba idali kumanga nyumba pamalo pamene mwinimbumba kapena mfumu yamulozera. Ankadula nsichi, kuzizika mozungulira, n'kumanga mbaliro ndi luzi. Amayi ankatunga madzi, kuponda dothi, kumata zipupa ndi kuzira pansi, ndipo m'chilimwe ankamweta udzu wofolerera. Denga la nyumba yozungulira kawirikawiri linkalukidwira pansi, kenaka amuna a m'mudzi n'kulikweza pamodzi, n'chifukwa chake makolo ankati mutu umodzi susenza denga. Padalibe chogula ndi ndalama. Mwininyumba ankangofulula mowa kapena kuphika thobwa loti othandiza amwe. Chiswe chikadya nsichi, ankamanga ina pambali pake. Ukwati ukatha, mwamuna ankatenga katundu wake n'kubwerera kwawo, nyumba n'kutsalira mkazi ndi ana. Tiisunge mfundo imeneyi, pakuti malamulo ambiri amene adabwera pambuyo pake adalembedwa ndi anthu oganiza kuti mwininyumba amakhala mwamuna nthawi zonse.

Nyumba za ngodya zinayi, zokhala ndi khonde ndi chitseko chamatabwa, zidayamba kuoneka kwa mafumu ndi amalonda a Chiyao amene ankayenda maulendo a kugombe la nyanja yaikulu. Njerwa zootcha zidabwera ndi amishoni. A mpingo wa ku Scotland adakhazikika ku Blantyre mu 1876, ndipo mu 1884 Alexander Hetherwick adatsegula mishoni ya Domasi m'dziko la mfumu Malemia. Pamishoni anyamata adaphunzira kuumba njerwa m'chikombole, kupanga uvuni, kucheka matabwa ndi kuyala njerwa motsata chingwe. Amisiri ophunzitsidwa motere ndiwo adamanga tchalitchi chachikulu cha ku Blantyre pakati pa 1888 ndi 1891. Ku Zomba nako, John Buchanan, amene adayamba ngati wantchito wa mishoni kenaka n'kukhala mlimi wa khofi, adamangira kazembe wa Britain nyumba ya njerwa mu 1886. Nyumbayo ilipobe, ndipo anthu amaidziwa ndi dzina lakuti Masongola. Tingati imeneyo ndiyo nyumba yoyamba ya boma m'dera lino, ndipo idamangidwira wantchito wa boma.

Mu 1891 Britain idalengeza kuti dziko lino lili m'manja mwake, Harry Johnston n'kukhala woyang'anira, Zomba n'kukhala likulu. Boma latsopanolo lidalibe chuma. Lidafunika ndalama zolipirira asilikali ndi akalaliki, ndiponso azungu a minda ya khofi ankafuna antchito. Njira imene idapezeka yothetsera mavuto awiriwa nthawi imodzi idali msonkho wa nyumba. M'zaka za m'ma 1890 nyumba iliyonse idaikidwa msonkho wa masheleni atatu pachaka. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 msonkhowo udakwera kufika pa masheleni asanu ndi limodzi, koma munthu amene wagwira ntchito kwa mzungu kwa mwezi wathunthu ankalipira theka lokha. Apa ndi pamene boma lidayang'ana koyamba nyumba ya munthu wa kumudzi, ndipo lidaiyang'ana pofuna kuiwerenga. Midzi ya ku Domasi, pokhala kufupi ndi likulu, idali m'gulu la midzi yoyamba kulowa m'kaundula.

Msonkhowu udasintha tanthauzo la nyumba. Kale kumanga kudali chizindikiro chakuti munthu wakula, tsopano kudasanduka ngongole ya chaka ndi chaka. Wamitala ankalipira nyumba ya mkazi aliyense. Wolephera kulipira ankatha kumuotchera nyumba, ndipo zidalembedwa m'mbiri kuti amesenjala ankagwira akazi n'kuwasunga kuboma mpaka amuna awo atabweretsa ndalama. Poti m'dera la chikamwini nyumba ndi ya mkazi, mwamuna akathawira ku Halale kapena kwina, wokumana ndi wokhometsa msonkho pakhomo adali mayi. Ndalama zimenezi n'zimene zidathandiza kumanga Zomba: nyumba ya bwanamkubwa, maofesi, ndi nyumba zamakonde aakulu za azungu m'mbali mwa phiri momwe muli mphepo yozizira. Amwenye adali ndi masitolo awo pakati pa tauni. Asilikali, apolisi ndi amesenjala achikuda adawamangira malaini kumunsi, ndipo ophika, ochapa ndi olima maluwa ambiri ankachokera m'midzi yozungulira, kulawira m'mamawa n'kubwerera madzulo.

Padalinso nkhani ya malo. Johnston adapereka kwa azungu zikalata zotsimikizira kuti malo aakulu a m'mapiri a Shire ndi awo. Zikalatazo zinkati midzi imene idalipo kale isasokonezedwe, koma mawuwo sadatsatidwe kwenikweni. Anthu okhala m'maesiteti, makamaka Alomwe obwera kumene, adayamba kulipira malo okhalapo ndi ntchito ya thangata. Munthu wotere sakadamanga nyumba yolimba ngakhale akadafuna, chifukwa tsiku lililonse akadatha kuthamangitsidwa. Ku Magomero, kumwera kwa Zomba, woyang'anira esiteti ya A. L. Bruce, William Jervis Livingstone, ankaotcha matchalitchi audzu a anthu a John Chilembwe, ndipo ichi chidali chimodzi mwa zifukwa za kuukira kumene Chilembwe adatsogolera mu Januwale 1915. Lamulo la 1928 lokhudza anthu okhala m'maesiteti lidalola mwiniesiteti kuchotsa gawo la anthu ake zaka zisanu zilizonse, ndiponso kukana mkamwini wofuna kudzamanga kwawo kwa mkazi wake. Pamenepa lamulo lidalimbana ndi mwambo maso ndi maso. Thangata adathetsedwa mwalamulo mu 1962, patapita zaka pafupifupi 70.

Gawo lotsatira la mbiriyi lidachitikira ku Domasi kwenikweni. Mu 1924 kudabwera nthumwi za bungwe la Phelps-Stokes kudzaona maphunziro a anthu akuda mu Africa, ndipo zidalimbikitsa njira imene inkagwiritsidwa ntchito kumwera kwa America m'masukulu akumidzi othandizidwa ndi chuma cha mayi Anna Jeanes. Njirayo idali yophunzitsa mphunzitsi woyendera midzi, wodziwa za ukhondo, ulimi ndi kamangidwe, osati kuwerenga kokha. Kenya idatsegula sukulu yotere ku Kabete mu 1925. Nyasaland idatsegula yake ku Domasi mu 1929 ndi thandizo la bungwe la Carnegie, ndipo mphunzitsi wamkulu woyamba adali mbusa E. D. Bowman. Ophunzira ankabwera ndi akazi awo ndi ana, n'kumakhala m'mudzi wachitsanzo. Nyumba za m'mudzimo zidali za ngodya zinayi, zamawindo, zokhala ndi khitchini padera, chimbudzi chokumba ndi dzenje la zinyalala. Akazi ankaphunzira kulera ana, kusoka ndi kusamala pakhomo. M'zaka za m'ma 1930 mafumu nawonso adayamba kuitanidwa kudzakhala miyezi ingapo pamodzi ndi akazi awo, kuti akabwerera kwawo akamange chimodzimodzi anthu awo aonere.

Sindikufuna kupeputsa ntchito ya sukulu ya Jeanes. Chimbudzi ndi windo zidapulumutsa miyoyo, ndipo mabanja ambiri amene adadutsa pa Domasi adakasintha midzi yawo. Koma maganizo amene adali pansi pa ntchitoyo adali akuti munthu wa kumudzi amagona m'nyumba yoipa chifukwa sadziwa yabwino. Mtengo wa chitseko, misomali ndi mafelemu sudawerengeredwe mokwanira, chonsecho munthu yemweyo ankafunika kupeza kaye ndalama ya msonkho. Boma lidapereka chitsanzo ndi malangizo, koma ndalama zomangira lidasiyira mwininyumba. Pamalo pamene padali sukuluyo lero pali Malawi Institute of Education, imene idayamba ntchito mu 1982.

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, Britain idaonjezera ndalama zotukulira maiko amene inkawalamulira, kudzera m'malamulo a 1940 ndi 1945. Domasi idasankhidwanso kukhala poyesera. Kuyambira 1949, chaka cha njala yaikulu, mpaka 1954, padali ntchito yotchedwa Domasi Community Development Scheme, motsogozedwa ndi T. D. Thomson. Cholinga chidali kusonkhanitsa alangizi a ulimi, zaumoyo, maphunziro ndi makhonsolo m'dera limodzi laling'ono, kuti aone ngati mudzi ungasinthike mbali zonse nthawi imodzi. Ntchitoyi idagwa m'nyengo yovuta. Anthu adali atatopa ndi malamulo a malimidwe, amene ankakakamiza mizere ndi migula ndi chindapusa, ndipo mu 1953 chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chidakhazikitsidwa anthu akukana. Mlangizi wobwera ndi uthenga wa chimbudzi ankaoneka ngati mnzake wa wokhometsa chindapusa. Kuyambira nthawi imeneyo, kumvera kapena kukana malangizo a boma okhudza pakhomo kudayamba kukhala nkhani ya ndale.

M'zaka zomwezo, malata oyamba m'midzi yambiri sadachokere kuboma konse. Adachokera ku Joni ndi ku Halale. Amuna ankalembetsa ku bungwe lolemba antchito a kumigodi la Wenela kapena kuyenda okha, n'kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mapulazi, ndipo wobwera bwino ankabwera ndi njinga, makina osokera ndi ndalama ya malata. Ena adali asilikali opuma ku Cobbe Barracks, aphunzitsi, akalaliki ndi asodzi a ku Chilwa. Mfundo yake ndi yakuti denga lidatsata malipiro. Kumene kudalowa ndalama ya ntchito, udzu udayamba kutsika padenga.

Ufulu utayandikira, kudakhazikitsidwa mabungwe awiri amene akhala mizati ya nkhani ya nyumba mpaka lero. Mu 1964 lamulo lidakhazikitsa Malawi Housing Corporation (MHC), imene idatenga ntchito ya bungwe la Soche Authority lomwe linkamanga nyumba za anthu akuda ku Blantyre m'zaka za m'ma 1950. Chaka chomwecho mabungwe atatu obwereketsa ndalama zomangira adaphatikizana n'kupanga New Building Society, imene mu 2004 idasanduka NBS Bank. Onse awiri adali a m'tauni. Wobwereka ku New Building Society ankafunika malipiro a pamwezi ndi chikalata cha malo, zinthu zimene mlimi wa kwa Malemia adalibe, pakuti malamulo a malo a 1965 ndi 1967 adasiya malo a makolo m'manja mwa mafumu popanda chikalata choti banki ingalandire ngati chikole. Nyumba zambiri za MHC zinkatengedwa ndi boma lenilenilo kuti muzikhala antchito ake, amene ankadulidwa kandalama kochepa pa malipiro awo. Azungu atachoka, akuluakulu achikuda adalowa m'nyumba za m'mbali mwa phiri, ndipo kugawa nyumba potsata udindo wa munthu pantchito kudapitirira monga kale.

Kwa anthu a malipiro ochepa m'tauni, boma lidatsata njira ya mapoloti m'madera otchedwa Traditional Housing Areas. Munthu ankapatsidwa poloti yopimidwa, msewu wafumbi ndi mpopi wapafupi, n'kuloledwa kumanga yekha ndi zipangizo zimene angakwanitse, kaya zidina kaya njerwa zootcha. Ine ndimaona kuti mwa zonse zimene boma layesa, njira iyi ndiyo idayandikira kwambiri mmene Amalawi amamangira, pang'onopang'ono, chipinda chimodzi chaka chino, china chaka chamawa. Vuto lidali lakuti mapoloti sadakwane, ndipo ambiri adagwa m'manja mwa anthu opeza bwino amene adamangapo nyumba za lendi. Otsalawo adapita kwa mafumu a m'mphepete mwa tauni kukapempha malo, ndipo umu ndi mmene madera ngati Chikanda ku Zomba adadzadzira popanda mapulani.

Dr. Hastings Kamuzu Banda ankakonda kunena pamisonkhano kuti anthu ake ayenera kukhala ndi zinthu zitatu, chakudya, zovala ndi nyumba yosadontha mvula ikamagwa. Njira imene ankaloza yopezera zitatuzi idali kulimbikira kumunda. M'chigwa cha Domasi boma lidatsegula sikimu ya mpunga yothirira mothandizidwa ndi akatswiri a ku Taiwan, ndipo alimi ena adapezadi malata kuchokera mu mpunga. Koma mbewu za alimi ang'onoang'ono zinkagulidwa ndi ADMARC, imene idakhazikitsidwa mu 1971, pa mitengo yotsika poyerekeza ndi imene inkagulitsira kunja, ndipo phindu lake lambiri lidapita kukakuza maesiteti a fodya ndi makampani. Ndalama imene ikadakhala malata a mlimi idakamanga chuma cha ena. Kenaka mu Epulo 1974 ndege yonyamula anthu ochokera kumigodi idagwa ku Francistown, Amalawi 74 n'kufa, ndipo Kamuzu adaletsa Wenela. Amuna oposa 100,000 amene adali kumigodi adayamba kubwerera. Kulemba anthu kudayambiranso mu 1977 pansi pa bungwe la TEBA, koma mochepa, ndipo kudatheratu mu 1988. Njira yakale yopezera denga idatsekeka motero. Nyumba zimene mtsogoleri ankamangira amayi ena a mbumba yake zidali mphatso kwa osankhidwa, ndipo zidaphunzitsa anthu kuti nyumba yochokera kumwamba imabwera chifukwa cha kukhulupirika.

Zomba nayo idalandidwa ulemu wake m'nyengo yomweyi. Ganizo losamutsa likulu lidavomerezedwa mu 1965, bungwe la Capital City Development Corporation lidakhazikitsidwa mu 1968, ndipo South Africa idabwereketsa ndalama zokwana marandi 8 miliyoni zoyambira ntchitoyo. Mu 1975 Lilongwe idakhala likulu. Ndalama zambiri zomangira nyumba m'zaka zimenezo zidapita kumeneko. Zomba idatsala ndi Nyumba ya Malamulo, asilikali, apolisi, ndende ndi Chancellor College, imene idasamukira kuno mu 1973. Amisiri, ogulitsa ndiwo zamasamba ndi antchito a m'nyumba ochokera ku Domasi ndi Songani adataya ambiri mwa makasitomala awo.

Mu 1981 boma lidayesa koyamba kufikira mlimi ndi ngongole ya nyumba, kudzera mu Rural Housing Project imene idathandizidwa ndi mabungwe a United Nations. Ntchitoyi inkaphunzitsa amisiri a m'midzi, kulimbikitsa zipangizo zotsika mtengo monga zofolerera zopangidwa ndi simenti ndi khonje, ndi kubwereketsa zipangizo kuti munthu azibweza pang'onopang'ono. Maganizo ake adali abwino, koma chaka chomwecho Malawi idalandira ngongole yoyamba ya World Bank yokonzanso chuma, imene idabwera ndi lamulo lochepetsa ndalama zimene boma limawononga. Nkhondo ya ku Mozambique idatseka njanji za ku Beira ndi Nacala, katundu n'kumazungulira njira yaitali ya ku Durban. Malata, misomali ndi magalasi ndi katundu wodalira ndalama zakunja, choncho kwacha ikagwa, mtengo wake umakwera tsiku lomwelo. MHC idauzidwa kuti iziyendera ndalama zake zokha, chonsecho lendi sinkaloledwa kukwera mofanana ndi mitengo ya zinthu, ndipo kumanga kudachepa kwambiri. Mu 1992 madera a mapoloti aja adaperekedwa kwa makhonsolo a mizinda, amene adalibe ndalama zotsegulira ena atsopano.

Ulamuliro wa zipani zambiri udabwera mu 1994 pamodzi ndi kumasulidwa kwa kwacha, ndipo chiwongoladzanja cha m'mabanki chidakwera kufika poti wantchito wamba sakadalota ngongole ya nyumba. Boma la Bakili Muluzi lidayamba kusiya udindo wopezera nyumba antchito ake, ndipo nyumba zina za boma ndi za MHC zidagulitsidwa. M'maboma otsatizana, nkhani za nyumba zogulitsidwa motchipa kwa anthu a mphamvu zakhala zikutuluka m'manyuzipepala. Lero MHC ili ndi nyumba pafupifupi 6,000 m'dziko lonse, ndipo ofuna kulowamo ndi ochuluka kwambiri kuposa pamenepo. Kumudzi, sukulu yaulere ya pulayimale idachulukitsa ana kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, aphunzitsi zikwizikwi n'kulembedwa opanda pogona. Pansi pa ntchito ya chitukuko ya MASAF, midzi idauzidwa kuumba njerwa ndi kututa mchenga, boma n'kubweretsa simenti ndi malata. Luso lootcha njerwa lidafalikira paliponse, nyumba za njerwa zidachuluka, koma uvuni uliwonse udadya mitengo, ndipo nkhalango za Zomba ndi Malosa, zimene zidatetezedwa ndi lamulo kuyambira nthawi ya atsamunda, zidayamba kuyera. Mgodi wa miyala ya simenti ku Changalume, m'boma lomwe lino la Zomba, udatsekedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, dziko n'kuyamba kudalira kwambiri zopangira simenti zochokera kunja.

Pa nkhani ya malo, ndondomeko ya 2002 idatsegula njira ya ntchito ya Kudzigulira Malo, imene pakati pa 2004 ndi 2011 idathandiza mabanja pafupifupi 15,000, ambiri ochokera ku Thyolo ndi Mulanje, kugula malo a maesiteti ku Machinga, Mangochi ndi maboma oyandikana nawo. Ena mwa amenewa adali adzukulu a anthu a thangata aja, ndipo kwa ambiri aka kadali koyamba kumanga pamalo amene palibe angawachotsepo.

Mu Epulo 2012, Bingu wa Mutharika atamwalira, utsogoleri wa dziko udagwera mwana wa m'chigwa chino. Joyce Banda adabadwira kwa Malemia mu 1950, ndipo adakhalapo phungu wa Zomba Malosa. Mwezi wotsatira boma lake lidatsitsa mphamvu ya kwacha kuchoka pa K168 kufika pa K250 pa dola imodzi, mitengo ya simenti ndi malata n'kulumpha. Mu 2013 adakhazikitsa Mudzi Transformation Trust, imene inkamangira nyumba okalamba, amasiye ndi osauka pogwiritsa ntchito thandizo la akufuna kwabwino. Amene adalandira nyumbazo adapumuladi, ndipo palibe woona mtima angakane chisangalalo cha gogo amene wagona koyamba pansi pa malata. Otsutsa ankati ntchitoyo idali kampeni ya chisankho cha 2014. Chimene chili chodziwika n'chakuti idamangidwa pa dzina la mtsogoleri mmodzi, ndipo atagonja pa chisankho mu Meyi 2014, ntchitoyo idazilala.

Wolowa m'malo mwake, Peter Mutharika, adabwera ndi lonjezo lake la malata ndi simenti zotsika mtengo, limene lidayamba kumapeto kwa 2014 pansi pa dzina la Decent and Affordable Housing Subsidy Programme. Iyi idali ndalama ya boma yodutsa m'bajeti, K7 biliyoni m'chaka choyamba. Dera lililonse la phungu, mwa madera 193 a nthawiyo, linkayenera kupereka mabanja 80 pachaka, kutanthauza mabanja 15,440 m'dziko lonse. Banja linkaumba lokha njerwa, boma n'kupereka malata, simenti ndi zina, ndipo theka la mtengo wake linkayenera kubwezedwa pang'onopang'ono. Kugawa potsata madera a aphungu m'malo motsata kuchuluka kwa osowa kudaonetsa kuti ndale zidali m'kati kuyambira pachiyambi. Madandaulo adamveka akuti mayina ankasankhidwa mokondera, zipangizo zinkafika mochedwa kapena zosakwanira, ndipo ambiri sadabweze chifukwa adaziona ngati mphatso ya chipani. Thumba limene linkayenera kuzungulira lidauma. Boma litasintha mu 2020 ntchitoyi sidapitirire monga kale, ndipo boma la Lazarus Chakwera lidaika mtima pa lonjezo la nyumba 10,000 za asilikali, apolisi ndi ena achitetezo, komanso nyumba za anthu achialubino.

Kukula kwa ntchito yotsala kudaonekera m'kalembera wa 2018, wochitidwa ndi ofesi ya National Statistical Office imene likulu lake lili ku Zomba komwe kuno. Anthu adapezeka 17.5 miliyoni, ndipo nyumba pafupifupi 36 pa 100 zilizonse zidali za zipupa zadothi ndi denga laudzu. Zimenezo ndi nyumba zoposa miliyoni imodzi. Ngakhale ntchito ya malata ija ikadayenda bwinobwino chaka chilichonse, zikadatenga zaka zoposa 60 kuti ifikire onsewo, osawerengera mabanja atsopano. Nyumba zamalata zimene zachuluka m'mbali mwa msewu wa Zomba kupita ku Liwonde zamangidwa ndi mpunga, nandolo, nsomba, kabaza, malipiro a aphunzitsi ndi ndalama zotumizidwa ndi ana a ku Joni. Chaka chomwecho cha 2018 boma lidaletsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi zamalonda pofuna kuteteza mitengo, koma njerwa za simenti zimene zidalowa m'malo mwake zimadalira simenti, imene mtengo wake udakweranso kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

Tsopano kwabwera wina amene sayembekezera chisankho, ndiye madzi. Chivomezi cha ku Karonga cha mu Disembala 2009 chitachitika, boma lidalemba malangizo a kamangidwe kolimba: maziko okwera, khonde lotchinga zipupa, denga lomangiriridwa bwino. Madzi osefukira a mu Januwale 2015 adagwetsa nyumba zambiri m'maboma 15, Zomba ili momwemo. Kudabwera namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana mu 2022, ndi wa Freddy mu Malichi 2023, amene adasowetsa pokhala anthu oposa 600,000 m'chigawo cha kumwera. Nyumba zimene zimayamba kugwa ndi za zidina ndi za njerwa zomangidwa ndi dothi, zimene zimanyowa kuchokera pansi. Phiri likayera, madzi amatsika mwaukali, ndipo okhala kumunsi kwa chigwa, kufupi ndi Chilwa, ndiwo amalipira mitengo imene idadulidwa kumtunda. Malamulo a malo a 2016 adalola banja kulembetsa malo a makolo, ndipo m'dera la chikamwini ngati lino m'pofunika kuonetsetsa kuti dzina la mayi lisasowe pa chikalatacho.

Pempho langa likupita kwa aphungu ndi makhansala a m'chigwa cha Domasi, ndi kwa mafumu amene amakhala nawo pamisonkhano ya khonsolo. Mukapita ku Lilongwe, kapempheni thumba la ngongole zazing'ono za nyumba za kumudzi lokhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo, losatchedwa dzina la mtsogoleri kapena chipani, loti boma likasintha lisafe. Mayina a olandira azisankhidwa pabwalo la mfumu anthu onse akuona, kubweza kuzichitika nthawi yokolola, ndipo simenti yoyamba izipita ku maziko denga lisanafike. Amisiri a m'midzi aphunzitsidwe malangizo a kamangidwe kolimba aja m'Chichewa ndi m'Chiyao, ndipo ntchito imeneyi iyambe mvula ya chaka chino isanagwe.